Mnzanga wamwa mapiritsi a pangozi katatu pa semesita imodzi, koma akuopa jakisoni

Wophunzira wa chaka chachiwiri:

Ndikupempha anthu amene amadziwa bwino za umoyo kuti andithandize pa nkhani imene yandisowetsa mtendere kwa milungu ingapo tsopano. Ndine mtsikana wa chaka chachiwiri pa sukulu ya ukachenjede, ndipo ndimagona chipinda chimodzi ndi mnzanga amene ndimamutenga ngati m'bale wanga weniweni. Iyeyu ali ndi chibwenzi chimene anachipeza chaka chatha, ndipo pa semesita ino yokha wamwa kale mapiritsi olera a pangozi katatu. Ndikudziwa zimenezi chifukwa maulendo awiri oyamba ndine amene ndinapita kukamugulira, iye atanena kuti akuchita manyazi kuonekera pamaso pa wogulitsa mankhwala, ndipo ulendo wachitatu ndinangopeza kabokosi ka mapiritsiwo atakabisa pansi pa makope m'dilowa imene tonse timasungamo zolembera.

Nditamufunsa chifukwa chimene sakupitira kuchipatala kuti akasankhe njira yokhazikika, anandiyankha kuti jakisoni ndi kapamkono ndi za amayi amene anabereka kale, ndipo kuti mtsikana amene sanaberekepo akazigwiritsa ntchito chiberekero chimauma moti sadzaona mwana moyo wake wonse. Za makondomu akuti ankagwiritsa ntchito miyezi iwiri yoyambirira, kenaka anasiya chifukwa mnyamatayo ananena kuti anthu okhulupirirana safunika zimenezo. Panopa amawerengera masiku pa pulogalamu ya pa foni, ndipo foniyo ikaonetsa kuti tsiku limene anagonana linali loopsa, m'mawa mwake amathamangira mapiritsi aja.

Chimene chikundidabwitsa n'chakuti mnzangayu si mbuli. Amakhoza bwino m'kalasi kuposa ine, ndipo tonse tinalipo pa msonkhano wa ophunzira atsopano pamene anatiwerengera njira zolera imodzi ndi imodzi n'kutigawira makondomu pakhomo. Mutamufunsa lero, akhoza kukutchulirani njira zisanu ndi imodzi osapumira. Ndiponso sali yekha, chifukwa m'hositelo mwathu mapiritsi a pangozi amabwerekanidwa ngati mankhwala a mutu, koma sindinamvepo mtsikana ndi mmodzi yemwe akunena poyera kuti amabayitsa jakisoni.

Tsono ndikufuna kudziwa ngati kumwa mapiritsi a pangozi pafupipafupi kumawononga thupi, ngati zili zoona kuti jakisoni ndi kapamkono zimatseka mtsikana amene sanaberekepo, komanso ngati pulogalamu ya pa foni ingadaliridwe. Ndiulule kuti sindikufunsira mnzanga yekha, pakuti nanenso ndili ndi chibwenzi ndipo ndakhala ndikukhulupirira zina mwa zomwezi.

Namwino wa za kulera:

Achemwali, mwachita bwino kufunsa, ndipo ndiyamba ndi chimene chikukudetsani nkhawa kwambiri. Mapiritsi a pangozi sachititsa munthu kukhala wosabereka, ngakhale atawamwa kangapo. Amene amapezeka kwambiri ali ndi mankhwala otchedwa levonorgestrel okwana mamiligalamu 1.5, ndipo ntchito yake ndi kuchedwetsa dzira kuti lisatuluke pa nthawi imene umuna ukadali wamoyo m'thupi la mkazi. Sachotsa mimba imene yakhazikika kale, ndiponso sakhalitsa m'thupi. Zimene mnzanuyo angaone ndi nseru, mutu, kutopa, komanso msambo kubwera msanga kapena mochedwa. Akasanza pasanathe maola awiri chimwereni, ayenera kumwanso ena chifukwa oyambawo amakhala kuti sanalowerere.

Vuto la mapiritsiwa lili kwina, ndipo ndi lakuti sangafanane mphamvu ndi njira zokhazikika. Amafunika kumwedwa mwamsanga, mkati mwa maola 72, ndipo ngati dzira latuluka kale palibenso chimene angachedwetse. Taonani tsono mmene mnzanuyo akuchitira. Amawamwa pokhapokha foni ikamuuza kuti tsikulo linali loopsa, ndiye kuti pa masiku amene dzira latsala pang'ono kutuluka kapena latuluka kumene, amenenso ndi masiku amene mapiritsiwo amalephera kawirikawiri. Kuwonjezera apo, piritsi limateteza pa kugonana kumene kwachitika kale basi. Dzira lija langochedwetsedwa, silinathe ayi, moti akagonananso mosadziteteza patapita masiku atatu kapena anayi, akhoza kukumana nalo. Ndipo popeza mapiritsiwo amasuntha msambo, mwezi wotsatira foni ija imawerengera molakwika, iye n'kumadalira masiku amene si oona. Alipo mapiritsi ena a ulipristal amene amagwira ntchito mpaka maola 120, koma njira ya pangozi yamphamvu kuposa zonse ndi lupu ya kopa yoikidwa m'chiberekero, imene ikaikidwa mkati mwa masiku asanu imateteza akazi oposa 99 pa 100 alionse, n'kukhalanso njira yokhazikika kwa zaka 10 kapena kuposerapo.

Za foni ndinene mwachidule. Umuna umatha kukhala wamoyo m'thupi la mkazi mpaka masiku asanu, dzira limakhala pafupifupi tsiku limodzi, ndipo limatuluka masiku 14 kapena chapomwepo msambo wotsatira usanayambe. Foni siona dzira, imangoyerekeza potengera miyezi yapitayo. Kudwala, nkhawa ya mayeso ndi kuchezera usiku powerenga zimatha kusuntha tsikulo popanda foni kudziwa. Njira yowerengera masiku yovomerezeka ndi ya akazi amene msambo wawo umabwera pakati pa masiku 26 ndi 32 mosasinthasintha, ndipo imafuna kuti kuyambira tsiku la 8 mpaka la 19 asagonane kapena agwiritse ntchito kondomu. Amenewo ndi masiku 12 mwezi uliwonse, osati awiri kapena atatu amene ophunzira ambiri amaganiza.

Kuti muone kusiyana kwake, tiyerekeze ndi akazi 100 pa chaka chimodzi. Pa amene sagwiritsa ntchito njira iliyonse, pafupifupi 85 amatenga mimba. Pa amene amadalira kuti mwamuna azithira pambali, pafupifupi 20 amatenga mimba. Kondomu ikamagwiritsidwa ntchito molondola nthawi zonse amatenga ndi awiri okha, koma potengera mmene anthu amachitira, lero avala mawa ayi, chiwerengerocho chimafika pa 13. Pa mapiritsi a tsiku ndi tsiku ndi pafupifupi 7, pa jakisoni pafupifupi 4, pamene pa kapamkono ndi lupu safika ndi mmodzi yemwe. Mudzaona kuti njira zimene zimalephera kwambiri ndi zimene zimadalira kuti munthu akumbukire kapena akambirane ndi mnzake pa nthawi yomweyo, ndipo moyo wa wophunzira, wodzuka mochedwa lero n'kugona kwa mnzake mawa, sugwirizana ndi piritsi lofuna ola lomwelomwelo tsiku lililonse.

Tsopano nkhani ya kuuma kwa chiberekero. Malangizo a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, sanena kuti ubwana kapena kukhala usanaberekepo ndi chifukwa chomukanizira munthu kapamkono, jakisoni kapena lupu. Kapamkono ka Implanon kamagwira ntchito zaka zitatu, ka Jadelle zaka zisanu, ndipo akangokachotsa mkazi akhoza kutenga mimba mwezi womwewo. Chimodzimodzinso lupu. Mphekeserayi ndikuganiza kuti inachokera pa jakisoni wa Depo-Provera, wobaya milungu 13 iliyonse, ndipo ili ndi kambewu kakang'ono ka choonadi. Munthu akasiya jakisoniyu mphamvu yobereka imachedwa kubwerera, kawirikawiri pafupifupi miyezi 10 kuchokera pa jakisoni womaliza, ena mpaka kupitirira chaka, koma imabwerera. Ambiri amasiyanso kusamba ali pa jakisoni, n'kumaganiza kuti magazi akuunjikana m'mimba, pamene zoona zake n'zakuti khoma la m'kati mwa chiberekero silikhuthala, choncho palibe chotuluka.

Chimene chimatsekadi atsikana ambiri ndi chimene mnzanuyo sakuchiopa. Matenda a chlamydia ndi chinzonono mwa akazi ambiri sapereka chizindikiro chilichonse, koma amakwera pang'onopang'ono kuchokera pa khomo la chiberekero mpaka m'machubu odutsa mazira, n'kusiya zipsera zimene zimatseka njira. Ndikukumbukira mayi wina wophunzira bwino amene anabwera kwa ife atakhala pabanja zaka zinayi opanda mwana, ndipo anali wotsimikiza kuti wamuwononga ndi jakisoni amene anabayitsa kawiri kokha ali pasukulu. Atamuunika anapeza kuti machubu onse awiri ndi otsekeka, ndipo atafunsidwa bwino anakumbukira kuti nthawi ina ankamva kupweteka m'chinena kwa milungu ingapo, iye n'kumangomwa mankhwala opha ululu. WHO imanena kuti tsiku lililonse anthu oposa 1 miliyoni padziko lapansi amatenga matenda opatsirana pogonana amene ndi ochizika. Mapiritsi a pangozi, jakisoni, kapamkono ndi lupu palibe chimene chimateteza ku matendawa kapena ku HIV. Mnzanuyo anasiya kondomu, ndiye kuti anasiya chinthu chokhacho chimene chinkateteza machubu ake.

Mnyamata wa chaka chomaliza:

Mayi Namwino afotokoza bwino za mankhwala, ine ndilankhulepo za mbali ya ife amuna, chifukwa mawu amene mnyamata uja ananena, akuti okhulupirirana safunika kondomu, nanenso ndinawanenapo kwa mtsikana. Sindinawanene pofuna kumupusitsa ayi. Ndinkakhulupiriradi kuti pakatha miyezi iwiri muli limodzi, kutulutsa kondomu kuli ngati kumuuza mnzako kuti ukumukayikira kapena kuti iweyo uli ndi wina. Komatu pa miyezi iwiriyo palibe chimene chinali chitasintha m'magazi mwathu, ndipo palibe mwa ife amene anali atayezetsa. Tinangozolowerana nkhope. Ambirife timamuyeza munthu ndi maso, kuti ndi waukhondo, amavala bwino, amapemphera, amakhoza m'kalasi, kuiwala zija akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndiponso pasukulu ndi pamalo pang'ono. Amene uli naye lero anali ndi wina chaka chatha, amenenso anali ndi wina, ndipo mukawerengera bwino mumapeza kuti anthu amene mumakhala nawo m'kalasi imodzi mwalumikizana m'njira imene simungaiyembekezere.

Chimene chinandisintha ndi usiku wina wa chaka chachiwiri titachokera kuphwando. Ndinali nditamwa, ndipo ndinagona ndi mtsikana amene sindinkamudziwa bwino. Kondomu inali imene inakhala m'kachikwama ka ndalama m'thumba la kumbuyo kwa miyezi yosawerengeka, paketi yake itachita kuphwatalala ndi kukhalidwa, ndipo inang'ambika. Tsiku lotsatira ndinalitha ndikungoyendayenda mtima uli m'mwamba, osadziwa kuti pali chimene ndingachite. Ndi mnzanga wophunzira za udokotala amene anandiuza madzulo a tsiku lachiwiri kuti pali mankhwala a PEP, oteteza ku HIV munthu atagonana kale mosadziteteza, amene amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 ndipo amamwedwa masiku 28. Ndikanachedwa tsiku lina limodzi bwenzi mwayiwo utandidutsa. Ndinali nditamvapo dzina lakuti PEP kambirimbiri, koma za maola 72 sindinkazidziwa, ndipo ndikuona kuti umenewu ndiwo umbuli wathu ophunzira, wodziwa mayina koma osadziwa maola. Chimene chimandichititsa manyazi mpaka lero n'chakuti masiku awiri onsewo ndinkangoganiza za ine ndekha, moti sindinamufunse mtsikanayo ngati anapeza mapiritsi a pangozi.

Zina zimene ndinazidziwa mochedwa n'zakuti kuvala makondomu awiri pamodzi sikuwonjezera chitetezo koma kumachititsa kuti akhulane n'kung'ambika, kuti Vaseline ndi mafuta odzola zimafoola labala, kuti pa paketi pamakhala deti yothera ntchito, komanso kuti kondomu imavalidwa kugonana kusanayambe osati pakati. Anzanga ambiri amene anachita mdulidwe amadzitenga ngati otetezeka kotheratu, pamene mdulidwe umangochepetsa mwayi wotenga HIV kuchokera kwa mkazi ndi pafupifupi 60 pa 100, ndipo mimba suiletsa n'komwe.

Achemwali, ngati mnzanuyo akuopa kuti kubwezeretsa kondomu kuthetsa chibwenzi, ayambire pa kuyezetsa limodzi, ndipo anene kuti nayenso akufuna kudziwa za iye mwini, kuti mnyamatayo asaone ngati akuimbidwa mlandu. Adziwenso kuti zipangizo zoyezera mwachangu zimatha kusaona kachilombo kamene kalowa kumene mpaka patapita miyezi itatu, choncho kuyezetsa kamodzi sikokwanira ngati wina wa iwo anali ndi munthu wina posachedwa. Mnyamata akakana zonse ziwiri, kondomu ndi kuyezetsa, ine monga mwamuna ndinganene kuti pali chimene akuopa kuchidziwa.

Mayi woyang'anira hositelo:

Ana anga, ine ndakhala ndikuyang'anira hositelo ya atsikana kwa zaka zambiri, ndipo ngakhale ndikugwirizana ndi zambiri zimene zanenedwa, pali zina zimene ndikufuna kutsutsako pang'ono. Nonse mukulankhula ngati kuti wophunzira aliyense akugonana, zimene si zoona. Phokoso limachokera kwa ochepa amene amakonda kufotokoza zochita zawo, ndipo mtsikana wa chaka choyamba akamva phokosolo amaganiza kuti watsala yekha, n'kuyamba zinthu zimene mtima wake sunafune. Ndaona atsikana ambiri akumaliza zaka zinayi asanagonepo ndi mwamuna, ena chifukwa cha chikhulupiriro, ena chifukwa chongoona kuti nthawi yake sinakwane, ndipo palibe chimene anataya. Kudikira nakonso kuyenera kumatchulidwa pa misonkhano ija popanda kuseka.

Mayi Namwino, mundikhululukire, koma mbali ina ya mantha a atsikanawa imayambira kuchipatala komweko. Ndinaperekezapo mtsikana wina amene anali atalimba mtima kukafunsa za kulera, ndipo wolembera odwala anamufunsa mokweza, anthu ali pamzere, ngati ali pabanja komanso ngati makolo ake akudziwa. Mwanayo anatembenuka n'kutuluka, ndipo sanabwererenso. Wogulitsa mankhwala safunsa mafunso otero, n'chifukwa chake mapiritsi a pangozi ali ndi msika. Vuto lina n'lakuti ena amaikidwa kapamkono osauzidwa kuti miyezi yoyambirira akhoza kumataya magazi pang'onopang'ono mosatsata nthawi. Zikamuchitikira amadzidzimuka, amakachotsetsa, kenaka amauza anzake khumi kuti kapamkono kanatsala pang'ono kumupha. Akanauzidwa poyamba, bwenzi atapirira kapena kubwerera kukafunsa.

Ndiponso si atsikana onse amene vuto lawo ndi kusadziwa. Ndalama za chakudya ndi lendi zikatha pakati pa semesita, ena amapezeka ali ndi amuna akuluakulu amene amawathandiza, ndipo mtsikana amene akudalira munthu kuti adye sakhala ndi pakamwa ponena kuti tivale kondomu. Kwa oterewa, njira imene safunika kupempha chilolezo cha mwamuna, monga kapamkono kapena jakisoni, pamodzi ndi mankhwala oteteza ku HIV, ndi imene ingawapulumutse pamene tikulimbana ndi gwero la vutolo. Palinso amene amagonedwa ataledzera kapena mokakamizidwa, nthawi zina ndi munthu amene amamutcha chibwenzi, n'kudzitsekera m'chipinda masiku atatu chifukwa cha manyazi, masiku amene akanalandira mapiritsi a pangozi ndi PEP. Munthu amene waledzera mpaka kusadziwa chimene chikuchitika sangavomere kugonana, ndipo mlandu si wake.

Mwana wanga, usamuone mnzakoyo ngati wopusa kapena wachimasomaso. Lipoti la 2022 la UNFPA, bungwe la United Nations loona za chiwerengero cha anthu ndi uchembere, linanena kuti pafupifupi theka la mimba zonse padziko lapansi, zokwana 121 miliyoni pa chaka, zimakhala zosakonzekera, ndipo ambiri mwa amayiwo ndi akuluakulu kuposa inu. Ukamulalatira adzangobisa kabokosi kachinayi pamalo pamene sungakapeze. Muuze kuti iweyo ukupita kukafunsa za iwe mwini ndipo ukufuna wokuperekeza.

Wophunzira wa chaka chachiwiri:

Ndikuthokoza nonse, makamaka inu Mayi, chifukwa ndachita monga momwe munanenera ndipo wavomera kuti tipite limodzi. Nkhani ya machubu ija ndi imene inamukhudza kwambiri, moti anakhala chete kwa nthawi yaitali, kenaka anandiuza zinthu ziwiri zimene sindinkazidziwa. Msambo wake wachedwa ndi masiku asanu ndi limodzi, ndipo piritsi lomaliza anamwa milungu iwiri ndi theka yapitayo. Sakudziwa ngati kuchedwaku kuli chifukwa cha piritsi kapena ngati ndi mimba, ndipo akuopa kuyeza. Wanenanso kuti ngati angasankhe njira, akufuna mapiritsi a tsiku ndi tsiku chifukwa saoneka ndiponso akhoza kuwasiya yekha, koma ine ndikudziwa kuti amadwala mutu waching'alang'ala woopsa, umene umayamba ndi kuona tinthu tong'anima m'maso, ndipo sindikudziwa ngati zimenezi zili ndi kanthu. Mayi Namwino, chonde tithandizeninso, komanso mutiuze ngati mankhwala a PrEP amene timamva aja amatetezanso ku mimba, chifukwa ena m'hositelo amanena choncho.

Namwino wa za kulera:

Mayi a kuhositelo anena zoona, ndipo sindingakane. Funso lakuti uli pabanja kapena ayi silifunika kuti munthu alandire njira yolera, ndipo zimene zakambidwa m'chipinda cha namwino ziyenera kuthera momwemo. Mukakumana ndi wokuchititsani manyazi, pemphani kuonana ndi namwino wina kapena pitani kuchipatala china, koma musabwerere kuhositelo chimanjamanja.

Achemwali, piritsi la pangozi limatha kuchedwetsa msambo ndi masiku angapo, koma ukachedwa kupitirira mlungu umodzi munthu ayenera kuyeza. Kachipangizo koyezera mkodzo kamapereka yankho lodalirika pakatha masiku 21 kuchokera pa kugonana komaliza kosadziteteza, ndipo mkodzo woyamba wa m'mawa ndi umene umaonetsa bwino. Akayeza masiku 21 asanakwane n'kupeza kuti palibe, abwerezenso akakwana. Kuopa kuyeza sikusintha chimene chilipo, kumangomuchedwetsa kulandira chithandizo. Koma ngati atamva kupweteka kwambiri mbali imodzi ya m'chinena, makamaka pamodzi ndi kudontha magazi, chizungulire kapena kukomoka, asadikire tsiku lililonse, apite kuchipatala nthawi yomweyo chifukwa zikhoza kukhala mimba yokhala m'chubu.

Za mutu uja mwachita bwino kwambiri kuzitchula. Munthu amene mutu waching'alang'ala umamuyamba ndi kuona zong'anima kapena mizere m'maso sayenera kumwa mapiritsi ophatikiza amene ali ndi mahomoni a estrogen, chifukwa amawonjezera chiopsezo cha sitiroko, ndipo ichi ndi chifukwa chake sibwino kungotenga paketi ya mnzako n'kuyamba kumwa. Alipo mapiritsi opanda estrogen, koma ambiri mwa iwo amafuna kumwedwa nthawi yomweyomweyo, osachedwa kupitirira maola atatu. Kapamkono, jakisoni ndi lupu zilibe estrogen, ndipo ngati chimene akufuna ndi chinsinsi, pali jakisoni wa Sayana Press amene m'maiko ambiri mkazi amaphunzitsidwa kudzibaya yekha. Anenenso ngati akumwa mankhwala ena, chifukwa rifampicin wa TB, carbamazepine wa khunyu ndi efavirenz wa HIV amachepetsa mphamvu ya mapiritsi kapena kapamkono. Akayamba njira ya mahomoni pakati pa mwezi, agwiritse ntchito kondomu masiku asanu ndi awiri oyambirira pamene mankhwala akukhazikika.

PrEP, imene munthu amayamba kulandira asanakumane ndi kachilombo, imateteza ku HIV yokha, siletsa mimba ndiponso siteteza ku chinzonono, chindoko kapena chlamydia. Ilipo ya piritsi la tsiku ndi tsiku, ya jakisoni wa cabotegravir wobaya miyezi iwiri iliyonse, komanso lenacapavir wobaya kawiri pa chaka, amene WHO inamuvomereza mu 2025, ngakhale kuti sizipezeka zonse paliponse. Popeza mnzanuyo wakhala miyezi yambiri osagwiritsa ntchito kondomu, apemphe kuti amuyeze HIV ndi chindoko ndiponso amuunike matenda ena tsiku lomwelo, ndipo akapezeka ndi matenda mnyamatayo nayenso alandire mankhwala, apo ayi adzapatsirananso. Musananyamuke, alembe papepala tsiku limene msambo wake womaliza unayamba, masiku amene anamwa mapiritsi atatu aja, ndi tsiku lomaliza limene anagonana mosadziteteza, chifukwa namwino adzayambira pa mafunso amenewo.